Khomo la Mayi Nankwenya

M'kaofesi kanga ka pamwamba pa golosale ku Limbe
makoma amamera popanda fumbi.
Ndikadina apa, n'kukoka chala mpaka apo,
chipupa chaima, chowongoka ngati sichidzaonapo mvula.
Ndikalakwitsa ndimangobweza.
Palibe njerwa yosweka,
palibe mmisiri wonditsonya.

Mayi Nankwenya anafika Lachitatu
atachezera usiku wonse m'wodi ku Gulupu,
maso ali psuu, yunifolomu ikununkhabe mankhwala,
mapepala a puloti ya ku Machinjiri
atakulungidwa m'jumbo ya shuga:
zaka khumi ndi zinayi za chipereganyu.

Ndinawatembenuzira laputopu.
Nyumba yawo inazungulira pansonga ya chala changa.
Ndinavundukula denga,
tonse awiri n'kusuzumira m'zipinda ngati akuba.
Ndinanyamula dzuwa kulichotsa ku Mpingwe
kukaligoneka kuseri kwa Michiru
kuti aone pomwe mthunzi udzagwere mu Juni,
pomwe zochapa zidzaume msanga.

Koma pulogalamuyi siidziwa chiperoni.
Imayesa dziko lonse ndi tebulo.
Siinaone thanthwe lili pakati pa puloti ija
lomwe Che Saizi analimenya kawiri ndi piki
n'kukhala pansi, kupempha madzi akumwa.
Mitengo yake ndi ya kwa eni,
yosayoyola masamba, yosatera mbalame.
Mtengo wawo wa mapeyala ndinachita kuujambula ndekha,
kabwalo kobiriwira,
n'kulemba pambali: osadula.

Tinawerengera simenti pa mtengo wa sabata ino.
Chipinda chachitatu ndinachifufuta.
Sichinatenge ndi mphindi yomwe.
Iwo anangoti, "Mhm,"
maso ali pawindo,
pomwe oitanira maminibasi a ku Bangwe
amalimbirana mayi wa dengu la tomato.

Kenako analoza khomo lakumaso.
"Ili n'lalikulu bwanji?"
Ndinawauza muyezo wake,
womwe aliyense amangotola ku hadiweya.
"Onjezerani."
Ndinati felemu yake idzakhala yochita kuwotcheretsa ku Ndirande,
chitseko chochita kukhometsa, ndalama zinanso.
"Onjezerani, mwanawe.
Bambo anga tinawatulutsa chopendeketsa ku Zingwangwa.
Bokosi linakana pakhomo.
Anyamata anachita kuliimika,
amayi a mvano akuimba kunja,
ine mutu wawo ndinaumva ukugunda thabwa.
Anthu ndawatseka maso ambiri, mwanawe.
Ine ndidzatuluke chogona bwinobwino,
ngati mwini wake wa pakhomo."

Ndinafufuta nambala, n'kulemba ina.
Khoma linapatuka lokha, mwaulemu,
osafunsa chifukwa.
Kamunthu kotuwa kaja,
komwe pulogalamu imakaimika pakhonde poyezera msinkhu,
kanangoti chilili,
kopanda nkhope, kopanda kwawo kokalira maliro.

Folo koloko isanakwane magetsi anathima.
Ndinasunga ntchito msangamsanga batire isanafe.
Iwo anapinda jumbo yawo ija kanayi,
n'kutsika masitepe atagwira khoma,
kukagona maola atatu asanabwerere kuwodi.

Mawa mapulani apita kukhonsolo kukafuna chidindo.
Mwina wina adzazunguliza khomolo ndi cholembera chofiira,
adzandiimbira foni:
achemwali, apa simunaphonye?
Ndidzati ayi, bwana, ndi momwemo.
Che Saizi naye adzakanda m'mutu,
adzatambasula tepi yake yothothoka manambala,
adzati khomo lanji ili, mulowetsamo ngolo?
Koma adzamanga.

Madzulo ndinatsikira pa Mbayani,
ndinakwera kanjira kathu kodumpha mipope ndi ngalande
mpaka pa nyumba ya lendi
yomwe palibe anaijambulapo.
Makiyi ali kukamwa,
ndinayeza chitseko changa ndi dzanja.
Zikhatho zitatu, ndi zala ziwiri.

Ndinalowa cham'mbali monga mwa masiku onse,
chikwama cha laputopu kumsana
chikukhula felemu,
nyumba makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri za eni ake
zikulowa nane m'chipinda chimodzi.