Makilo Anayi

Pa Intercity mnyamata wa wilibala anandithamangira,
maso ali kumbuyo kwanga,
kusaka masutikesi amene sanabwere.
Katundu ali kuti, amayi?
Ndinamuonetsa msana.
Anaseka, nandisiyira njira.

Makilo anayi. Ndinayeza pa sikelo ya nyemba ku Katete:
madiresi awiri osafuna kusita,
chitenje chomwe usiku ndimafunda, masana nkutchinga zenera,
mswachi wodula mchira,
tchaja yokulunga ndi labala ya tsitsi,
pawabanki yolemera ngati theka la njerwa,
ndi tabuleti yong'aluka pakona,
ofesi yanga yonse,
yopyapyala kuposa buku la nyimbo.

Abwana anga sindinawagwirepo chanza.
Amakhala m'kabokosi pamwamba pa sikirini,
kudziko kumene dzuwa limadzuka ife titadya kale masana.
Ndimawawerengera ndalama zimene sindidzanunkhiza.
Iwo amangoona khoma loyera kumbuyo kwanga,
sadziwa kuti ndi khoma la Bana Mwansa ku Kabwata,
kuti kuseri kwake tambala ndamulonjeza mpeni
akangoliranso pakati pa msonkhano.

Magetsi akathawa mbandakucha
ndimapanira ofesi m'khwapa.
M'minibasi ya ku Kulima Tower
manambala amadumpha pabondo pa hampu iliyonse,
chigongono cha mnzanga chimandilembera ziro wosafunika.
Ndimasaka soketi monga mbuzi isakira mthunzi mu Okutobala.
Ndimaipeza kwa Tikambenji ku Kamwala,
pakati pa mabelo a salaula,
pomwe jenereta imatsokomola koma siifa.
Iye amagulitsa majekete a anthu osawadziwa,
ine ndimatseka mabuku a anthu osandidziwa,
masana timagawana chimanga chootcha.

Ndinkanyada nako kupepuka kumeneku.
Ndinkati, wanyumba akakweza lendi
ndimatseka zipi, basi, ndasamuka.

Lachitatu abwana anatumiza mabuku a chaka chonse.
Tabuleti inakana kumeza.
Malo adzaza, inatero. Fufutani zina.
Ndinafufuta nyimbo.
Ndinafufuta zithunzi za ukwati wa Falesi, womwenso unatha kale.
Ndinafufuta mapu a mizinda imene sindinafikeko.
Malo adzaza.

Panatsala foda imodzi.
Mawu a bambo, mauthenga mazana awiri ndi khumi ndi atatu.
Zelipa, wadya?
Zelipa, feteleza wakweranso.
Ng'ombe ija yamawanga yabereka, yaikazi.
Usamagone ndi foni kumutu.
Ndipo womaliza, wa mu Febuluwale,
umene sakuyankhula ndi ine nkomwe,
akungofunsa wina chapatali,
kodi yayamba kujambula?
kenaka mpweya,
masekondi khumi ndi anayi a mpweya wokhawokha.

Chala changa chinaima m'malere.
Jenereta inatsokomola.
Tikambenji anali kukangana ndi kasitomala za batani.

Ndinalembera abwana kuti netiweki yavuta,
bodza langa loyamba kwa iwo,
ndipo ndinayenda wapansi, kudumpha njanji,
kudutsa Cairo Road dzuwa likuswa mtengo,
lamba wa chikwama akundidya phewa
ngati wina waponyamo mwala ndisakuona.
Ku Town Centre kamnyamata ka ndolo imodzi
kanandigulitsa memore khadi yonga chikhadabo cha khanda,
mtengo wake malipiro a tsiku lonse.
Ndi yeniyeni? Kanalumbira pa manda a amake.

Bambo anasamuka mphindi zisanu ndi imodzi,
kamzere kobiriwira kakukwawa,
ng'ombe, feteleza, chifuwa chawo, zonse.
Ndinawamanga pamfundo ya chitenje,
pomwe akazi amabisa ndalama ya basi yobwerera.

Lipoti linafika mochedwa ndi maola atatu.
Abwana anayankha ndi kachala kokweza m'mwamba.
Usiku ndinafunda chitenje chija,
mfundo ikundibaya pansi pa nthiti,
ndipo sindinaisunthe.