Udzu Wapapepala

Usiku wa pa 29 Disembala ku Ulaanbaatar
utsi wa malasha unagona pamzinda ngati bulangete lonyowa,
ndipo pansanjika yachisanu ya bungwe lathu losunga chakudya cha ziweto
panatsala nyale imodzi, ya Mayi Tsermaa,
mkulu wa zachuma, amene dzina lawo limakhala pansi pa tsamba,
pakhomo potulukira ndalama za boma.

Ine ndinali wachiwiri wawo. Ndinkanyamula mafayilo
ndipo ndinkadziwa nthawi yotseka pakamwa.

Patebulo panali invoisi ya udzu wouma,
matani zikwi zinayi, wa nkhosa ndi mahatchi a ku Zavkhan,
wosungira chaka chimene chipale chidzakwirire msipu.
Zidindo zonse zinalipo. Wa kunkhokwe anadinda, wa zogulagula anadinda,
mkulu wa bungwe anasayina ndi inki yake yobiriwira ija.
Panangotsala mzere umodzi.

Koma iwo ankawerenga lisiti la mafuta a malole,
kapepala kamene tonse timangokapitirira.
"Gantulga," anatero osadzutsa mutu,
"lole imodzi imanyamula matani angati?"
Ndinayankha. Analemba m'mphepete ndi kapensulo kotsala ngati chitsa.
"Ndiye malolewa anayenda makilomita chikwi
ndi dizilo wongokwana kupita kumsika wa Narantuul n'kubwerako.
Kapena udzuwu unamera mapiko."

Foni inalira katatu.
Koyamba anali mkulu wa bungwe, mawu osalala ngati batala:
chaka chikutha mkuja, ndalama yotsala ibwerera kuthumba la boma,
chaka chamawa atidula bajeti, inunso mukudziwa.
Kachiwiri anali wina wa kuunduna, sanatchule dzina,
anangofunsa za mwana wawo wa kuyunivesite, ngati akukhoza bwino.
Kachitatu anaisiya ikunjenjemera pafayilo
mpaka inatopa yokha.

Ndinati, Mayi, akuluakulu asayina kale,
zikadzavuta mlandu ndi wawo.
Anavula magalasi. Maso awo anali ofiira ndi manambala.
"Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi," anatero,
"pamene bambo anga anawerenga nkhosa zawo zitauma chiimire,
mazana atatu, ndipo tinkazikoka miyendo kukaziunjika kuseri kwa khola.
Chaka chimenechonso udzu unalipo.
Unali m'mabuku."

Kenako analemba mawu anayi pamwamba pa invoisi:
Sindilipira. Akaone kaye nkhokwe.
Anajambula tsamba lililonse, natumiza kwa ofufuza mabuku a boma
ola lisanakwane la pakati pa usiku,
anamwa tiyi wamkaka amene anali atazizira kalekale
ndi kundifunsa ngati basi yomaliza inali itapita.

Mu Febuluwale ofufuza anafika ku Uliastai.
Anapeza matani mazana asanu ndi limodzi, ndi mbewa zonenepa.
Mu Malichi Mayi Tsermaa anakwezedwa, atero m'kalata,
kukayang'anira mafayilo akale m'chipinda chapansi
momwe mulibe zenera ngakhale mzere wosayinapo.
Panyuzi dzina lawo silinatuluke.
Timakumana nthawi zina pachikepe, amandifunsa za bondo langa.

Mpando wawo tsopano ndi wanga.
Ndi wautali kuposa mmene unkaonekera ndikaima pakhomo,
ndipo mutu ukakula, ndaona, sulewadi nkhonya.
Kapensulo kaja anakasiya m'dilowa, sindikudziwa ngati mwadala.

Lero kwabwera invoisi ya malata a nkhokwe zisanu ndi ziwiri.
Zidindo zonse zilipo, inki yobiriwira ilipo,
mwana wanga wamkazi walowa yunivesite chaka chino.
Kunja mtsinje wa Tuul wauma gwaa, anthu akuwoloka wapansi.
Foni sinayambe kulira.
Ndanyowetsa chala ndi malovu,
ndikuvundukula masamba mmodzimmodzi kuchokera kumbuyo,
kufuna lisiti la mafuta.