Mayi Daka Amawerenga

Ndimakankha wilibala pa Soweto:
matumba a makala, anyezi, mabokosi a tomato,
kuchokera pomwe malole amatsitsira
mpaka pomwe basi ya ku Chawama imadikira.
Msana uwu si wanga, ndi wa amene walipira.

Madzulo ndimadzera kwa Mayi Daka,
kasitolo ka mankhwala kuseri kwa msewu wa Lumumba,
konunkhira sopo ndi bandeji.
Ndimamwaza ndalama pa kauntala:
ndipatseni ofiira aja, ya msana.

Lachiwiri anandipatsa.
Lachinayi anandipatsa, maso ali pankhope panga.
Loweruka dzanja lawo silinapite ku shelefu.

"A Lekani, a Lachinayi aja apita kuti?"
Ndamwa.
"Onse makumi awiri?"
Nanga ndi maluwa oti ndizikongoletsera nyumba?
"Mumamwa mutadya?"
Ndinaseka. Chakudya chimabwera ntchito ikatha,
ululu umalawira ntchito isanayambe.

Apo anatsitsa mawu,
poti kumbuyo kwanga kunali mtsikana wobereka khanda:
"Mukapita kuseri, zimatuluka zakuda ngati phula?"

Magazi anandikwera.
Mayi wosandibala, kundifunsa za kuchimbudzi!
Ndinawola ndalama zanga, kobiri limodzi linagwa,
sindinawerame.
Pa kantemba ka pakona amagulitsa omwewo
pambali pa machesi ndi maswiti.
Mnyamatayo safunsa, sakuyang'ana n'komwe.
Ndinameza anayi ndi madzi a m'pulasitiki.

Koma funso linakwera nane basi.
Linatsika nane ku Kanyama,
linalumpha nane zithaphwi,
linagona pakati pa ine ndi mkazi wanga.
M'bandakucha, tochi ya foni m'manja,
ndinayang'ana chimene munthu sayang'ana.

Phula.

Lolemba ndinaima pakhomo pawo nthawi yaitali,
ndikuwerenga chikwangwani ngati sindichidziwa.
Kobiri langa linali pambali pa makina a ndalama,
lili lokha, ngati mwana wodikira kutengedwa.
Sananene kuti ndinakuuzani.
Anang'amba pepala, analemba, anapinda kawiri:
"Kuchipatala lero lomwe, osati mawa.
Ofiira aja amatseka pakamwa pa msana,
koma amapala m'mimba ngati mpeni pa chikwatu."
Ndinati, tsiku la lero andilipira ndani?
Anati, "Sindikudziwa, a Lekani."
Yankho limenelo ndinalikhulupirira.

Papita miyezi itatu.
Msana ukadali ndi mawu ake, sunasiye.
Tsopano amandiwerengera oyera mu kaenvulopu,
amalemba ndi bolopeni: awiri, osapitirira apa,
ndipo amatsindika mzere mpaka pepala kuboola.
Masiku ena ndimatsatira.
Masiku ena ndimayang'ana kantemba kaja, n'kumeza mate.

Dzulo ndinakhala pa benchi yawo, mvula ikukunkhuniza malata.
Analowa anyamata awiri, nsapato zoyera mbee,
akufuna mabotolo anayi a mankhwala a chifuwa.
Mayi Daka anavula magalasi.
"Akudwala ndani?"
"Agogo."
"Mabotolo anayi? Agogowo ali ndi zifuwa zingati?"
Wamtaliyo anati ayi, kwenikweni ndi iyeyo.
"Tatsokomola ndimve."

Anayesa, mwana wa eni.
Kunatuluka kaphokoso ngati ka mbuzi yakhuta.
Ndinaseka mpaka msana unandikumbutsa,
iwo anatuluka akutukwana, kulowera kukona.

Mayi Daka sanaseke.
Anawaperekeza ndi maso mpaka mvula inawameza,
kenaka anabwezera magalasi pamphuno
n'kundifunsa ngati ndadya.