Chipinda Chopanda Mawindo

Chipinda cha zisudzo pasukulu ino ku Dundee
chilibe mawindo. Makoma ndi akuda bii,
pansi anamata matepi oyera osonyeza poima.
Ndimafika kusanache,
mphepo ya mtsinje wa Tay ikundiluma makutu,
chikwama chili tho ndi mapulani a phunziro.

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali pasiteji.
Kawiri ndinafa ndi lupanga, kamodzi ndinali mtengo,
masana ndinkagulitsa khofi.
Tsopano ndikuphunzira kuima m'mbali.

Mayi Geddes amakhala pakona ndi fomu yawo.
Sabata yatha analemba mzere umodzi wokha:
Mwalankhula mphindi makumi awiri, ana akuyasamula.
Ndinawerengera m'basi, nkhope ikutentha.

Lero ndili ndi a zaka khumi ndi zinayi,
phokoso ngati wina waponya mwala mumng'oma wa njuchi.
Zofia akufuna ufumukazi, monga mwa masiku onse.
Amapasa a kwa Rennie akubayana ndi malupanga osaoneka.
Ndati: sewerani munthu akufika kunyumba.
Basi. Ndaluma lilime.

Struan, amene chiyambire teremu
sanavulepo jekete, sanavomerepo dzina lake,
wadzuka. Wakoka mpando.
Watsegula chitseko pamene palibe chitseko,
wachitseka ndi manja awiri, pang'onopang'ono,
ngati m'nyumbamo muli wina wosafunika kudzutsidwa.
Wakhala, wamasula nsapato,
chingwe ichi, kenako icho.
Wasuzumira m'firiji. Watseka.
Wasuzumiranso.

Chipinda chonse zii,
ndi Zofia yemwe.
Paipi yotenthetsera yokha ndiyo ikugogoda.

Mawu akundiyabwa pakhosi,
oyamika, ofunsa, ofotokoza
zonse za kukoleji zija, za thupi ndi malo.
Ndawameza ngati mapilitsi opanda madzi.

Belu. Chipwirikiti pakhomo.
Struan watuluka pomaliza,
zingwe za nsapato zikukwekwereka pambuyo.

Mayi Geddes andipatsa fomu: Mphindi zinayi.
M'munsi mwake, ndi pensulo:
Tipite limodzi ku ofesi, akaone ngati mwanayu akudya.
Ndipo muzibweza mipando musanatuluke.

Titabwerako ndabweza mipando yonse
kupatula umodzi uja.
Ndaima pa tepi yoyera ndekha,
ndagwira chitseko chake,
ndayesa kuchitseka mmene anachitira iye.
Katatu konse.
Changa chikulirabe.