Inde Kawiri

Tinakwera takisi pa Bree kusanache,
Zaithwa atatseka makutu ndi zikhatho,
mayi ake atafumbata kalata ya kusukulu ya mkaka
yopindidwa kanayi ngati chisamani:
waluma mnzake, wagubuduza mpando,
asabwerenso mpaka akaonedwe.

Mumzinda uno wa malilime ambirimbiri
mwana wanga, zaka zisanu,
sanasankhepo n'limodzi lomwe.
Kutchalitchi ku Rosettenville anamudzoza mafuta,
amvekere chiwanda chosalankhula.
Alamu anga pa foni anati mwamulera ngati dzira,
mtumizeni kumudzi akalawe mkwapulo.

M'chipinda cha Dokotala Sithebe munalibe jakisoni.
Munali mkeka wa pulasitiki, timagalimoto, botolo la thovu.
Anamuitana dzina katatu. Zii.
Anauzira thovu m'mwamba;
iye anagoneka kagalimoto chagada
n'kumazunguza tayala limodzi,
maso ali tong'o, ngati dziko lonse lathera pomwepo.

Kenaka mafunso, tsamba ndi tsamba.
Amakuyang'anani m'maso?
Amaloza ndege kuti nanunso muione?
Mukasintha njira ya kusitolo, amalira?
Phokoso limamupweteka? Malaya ena amamuyabwa?
Mayi ake ankayankha.
Ine ndinkawerenga timabowo ta kudenga,
ndinafika mazana atatu kudza tisanu ndi tiwiri.

Koma funso lililonse linkagwa pawiri:
inde wa Zaithwa, pakamwa pa mayi ake,
inde wina, wakalekale, kunsi kwa nthiti zanga.

Ndinaona Mponela. Sitandade faifi.
Belu la limu ya lole likundiboola m'mutu,
ine kunsi kwa desiki, ndikudziluma mkono.
Aphunzitsi a Kachigamba anathyolera ndodo zitatu pamsana panga.
Ankanditcha Gonthi,
ine amene ndinkamva ndi chiswe chomwe chikamadya phaso.
Ananditema mphini m'masaya,
mpaka lero ndimameta mozilambalala.
Palibe anabwera ndi pepala la mafunso.

Dokotala anavula magalasi.
Anati dzina lake ndi otizimu.
Si ufiti, si kulera koipa, si tchimo la mayi;
ubongo wake umaluka mphasa yake mwa mtundu wina.
Mankhwala ochotsa palibe, aphunzitsi ake alipo,
koma mzere wodikira ndi wautali.
Mayi ake analira
ngati munthu amene watula mtolo
n'kuzindikira pomwepo kuti khosi likuwawa.

Ndinafunsa, maso ali pa nsapato za dokotalayo:
nanga wamkulu, wa zaka makumi anayi n'chimodzi,
wokonza mafoni pa Small Street,
woyala tizitsulo take m'mizere, kakang'ono kutsogolo,
amene anachotsedwa ntchito kawiri
kaamba konena zoona mosapsatira,
ameneyo mumamuyezanso?

Anandiyang'ana. Sindinamuyang'ane.
Anati amayezedwa, khomo lina, tsiku lina,
ndipo zimathandiza kubwera ndi wina
amene anamudziwa ali mwana.
Ondidziwa ndili mwana anagona kale ku Mponela,
kupatula a Kachigamba,
ndipo iwo anayankha kale ndi ndodo.

Pobwerera tinayenda wapansi,
mayi ake patsogolo ndi pepala latsopano,
ili losapinda.
Pa mlatho wodutsa pamwamba pa njanji Zaithwa anaima nji.
Sitima zinagona m'mizere kunsi kwathu, mbuu ndi fumbi.
Anagwira chala changa,
osati dzanja, chala,
n'kuchiika pa chitsulo chozizira.
Tinawerenga mabogi,
iye milomo ili yotseka, ine chamumtima,
ndipo mayi ake atati tiyeni, takisi zidzaza,
tonse awiri sitinamve.