Tsamba Lachisanu ndi Chiwiri

Ng'ombe ija ndimaidziwa.
Ya chipumi choyera, nyanga yakumanzere yothyoka.
Ndinaibaya jakisoni ndi dzanja langali
pa dibi la ku Ngabu, nkhupakupa zitavuta.
M'kaundula wanga ili pa tsamba lachisanu ndi chiwiri:
mwini wake Esinati Dinyero, wa kutsidya kwa Nyakamba.

Lero ikugona m'khola la munthu wina,
wa malole awiri ndi butchala pa Nchalo.

Esinati anafika dzuwa lisanayambe kuluma,
anakhala pansi pa nimu, nsapato zili m'manja.
"A Zuze, mukangonena zomwe munaona, basi."
Ndinamuwerengera pepala la pakhoma lija,
loti wantchito wa boma saimirira m'bwalo la milandu
kunena za kuntchito
akuluakulu asanamulole polemba.
Anandiyang'ana pakamwa ngati ndalankhula chakunja.

Ndinalembera ku Chikwawa.
A ku Chikwawa anati afunsa ku Blantyre.
A ku Blantyre akuti bwana ali ku msonkhano.

Sindikuti lamuloli ndi lopusa.
Tikamaitanidwa pa mkangano uliwonse wa mbuzi,
pa dibi padzatsala ndani?
Koma maso awa ndinabadwa nawo kwa Tengani,
ndiye akuti zomwe aona kuyambira hafu seveni mpaka kuweruka
ndi katundu wa boma,
ngati chidindo,
ngati njinga yamoto yopanda mafutayi.

Lachinayi ndinapita ndithu.
Ndinakhala benchi yakumbuyo ngati wodzangomvera,
malaya atamata pamsana.
Majisitireti anafunsa ngati pali mboni ina.
Esinati anacheuka.
Ine ndinakweza maso kudenga,
kwa fani yomwe inaleka kuzungulira kalekale,
n'kumawerenga: zaka zinayi kuti ndipume,
Felesiya ali folomu filii,
malata a nyumba sindinamalize kulipira.
Lilime linauma gwa, ngati dambo mu Okutobala.

Kalata yafika dzulo, patatha milungu isanu.
Ya zidindo ziwiri, pepala losalala bwino.
Akuti ndaloledwa,
bola ndinene zokhazo zolembedwa m'kaundula.

Ng'ombeyo inakwera kale Thabwa pa lole.
Kalatayo ndaipinda pawiri,
ndaiika pa tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Mawa kuli dibi.
Esinati abwera ndi kathole kamodzi komwe kanatsala,
ndipo ine ndidzamufunsa dzina lake,
poti fomu imatero.