Lachisanu m'Sitolo ya Zimbale ku Rotterdam

Katoni yafika mvula ikuwaza,
ngodya imodzi yanyowa.
Ndaing'amba ndi kiyi wa njinga
poti mpeni Jurriaan adapita nawo, ndi ketulo yomwe,
chaka chimene adandisiyira sitoloyi ndi ngongole zake.
Zimbale khumi ndi zinayi.
Zabwino zilipo zitatu.
Chachinayi tikadakokanakokana.

Djalma, vula jekete lakudokolo,
likudonthezera pa katundu wanga.
Usiku wonse unali m'mwamba mu kireni
kunyamula makontena a anthu osawadziwa.
Khala apa. Vala mahedifoni awa,
chingwe chake n'chomata ndi tepi, usachikoke.

Choyamba ndi hausi.
Chikuto chobiriwira, dzina lolembedwa ndi bolopeni,
mtsikana wina wa ku Schiedam
wachijambulira m'khitchini mwa mayi ake.
Ng'oma yake siithamanga.
Imangoponda di, di, di, di,
ngati munthu wodziwa kumene akupita.
Pa mphindi yachitatu piyano ilowa mochedwa, mwadala,
mlendo wodziwa kuti simudya asanafike.
Tchera khutu pansi pa zonsezo:
firiji ikung'ung'udza.
Sanaifufute.
N'chifukwa chake ndaitanitsa makope asanu.

Chachiwiri ndi tiransi. Usakwinye nkhope.
Ndikudziwa umati n'za ana
ovina maso ali kudenga, timagetsi m'manja.
Awa ndi abale awiri a ku Ghent,
wina amakonza mano, winayo sindikudziwa.
Nyimbo ikwera,
ikweranso,
monga umakwerera makwerero ako aja m'bandakucha,
mphepo ya ku Maas ikukumenya m'nthiti,
kenaka ng'oma zii.
Masekondi makumi anayi wopanda popondera.
Mtima uli m'malere, wayiwala kupuma.
Ikamabwerera, bondo limagwada lokha.
Usadzaimvere uli pa njinga,
ndilibe ndalama ya nkhata.

Chachitatu, mbali yoyamba ilumphe.
N'phokoso la munthu wofuna kuitanidwa ku Ibiza.
Tembenuza.
Kuseriku kuli mayi wa mawu okhuthala
akubwereza liwu limodzi lokha kwa mphindi zisanu ndi zinayi,
ndipo pofika kumapeto
liwulo silikhalanso lomwe lija.
Iyi ndi ya folo koloko m'mawa,
pamene odzionetsera apita kukagona
ndipo pabwalo patsala osweka mitima ndi osesa.

Tsono chachinayichi.
Ndikuuze zimene sindilemba pa timakadi tapashelefu.
Khutu langa lakumanzere lili ndi mluzu.
Ndidautola ndili ndi zaka makumi awiri
m'nyumba yosungiramo khofi, mbali ya ku Katendrecht,
nditakumbatira sipika ngati chibwenzi
mpaka dzuwa kutuluka.
Sunachokepo. Timagona limodzi, timadzuka limodzi.
Masiku ano besi ndimaiyeza ndi chikhatho pa thabwa,
makasitomala amayesa ndi luso.
M'chimbalechi, penapake chakumapeto,
muli kamawu kowonda ngati ulusi
kolira ndendende pamene palira mluzu wangawo.
Ndachizunguza kasanu ndi kawiri chifikireni.
Sindikudziwa ngati woimbayo adakaikamo
kapena ndine ndikumuwonjezera.
Ngati kalimo, ichi ndi chimbale cha chaka chino.
Ngati mulibe,
ndiye kuti ndayamba kugulitsa zam'mutu mwanga.

Imva iweyo, undiuze zoona.
Ndaika singano.

Kunja tramu yakhotera ku Kruisplein ikulira zitsulo.
Wina wasuzumira pawindo, waona mitengo, wapitirira.
Ndapukuta kauntala yopukutapukuta kale.

Djalma?

Wagona.
Mutu watsamira pa bokosi la zimbale zotsika mtengo,
kukamwa kuli yasa,
koma phazi lamanja, m'jombo yake yachitsulo kumphuno,
likadapondabe di, di, di, di.

Singano yafika pakati, ikungokanda.
Sindimudzutsa.
Ndatenga kakadi ndi bolopeni:
"Mayuro khumi ndi anayi.
Mwini sitolo, Wietske, akuchikonda.
Mukamva mluzu chakumapeto,
chonde bwerani mudzamuuze."